Hausi yanga imathera kumchira chaka chilichonse, atsikana anafooka, ndiwadzutse bwanji?

MadamuWaGirini:

Moni nonse muno. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ya amishoni ya atsikana okhaokha, yogonera konko, dzina ndisatchule. Telemu ino ahedi andipatsa udindo woyang'anira imodzi mwa mahausi anayi omwe tili nawo, magulu aja omwe ana amagawidwamo kuti azipikisana, ife timangowatchula ndi mitundu, Redi, Buluu, Yelo ndi Girini, nde ine andipatsa Girini. Vuto ndi lakuti Girini yakhala ikuthera kumchira zaka zotsatizana mpaka atsikana anazolowera, pasukulu pano munthu akati "izi nza Girini" ndiye kuti akunena chinthu chosalongosoka. Mwana wa Fomu 1 akangofika n'kumva kuti wagwera Girini anzake amayamba kumuseka tsiku lomwelo asanayale ndi bedi lomwe.

Ndinaitanitsa miting'i ya hausi Lachitatu titaweruka, anabwera ochepa, ambiri a Fomu 1 ndipo ndikuona kuti anabwera chifukwa cha mantha basi. A Fomu 4 anatumiza uthenga woti akuwerenga za MSCE, a Fomu 3 anakhala kumbuyo kwenikweni manja atapinda. Nditafunsa kuti ndani atithamangire mamita 400 kunangoti zii, aliyense maso pansi. Kaputeni wathu ndi mtsikana wabwino zedi, wanzeru mkalasi, waulemu, koma ndi wofatsa moti akamalankhula mawu ake safika ndi pa mzere wachitatu womwe.

Mapointi pano amachokera ku zinthu ziwiri zokha, tsiku la masewera lija la zothamanga, kudumpha ndi kuponya, komanso ligi ya netibo. Atsikana ambiri a mu timu ya sukulu ali ku Redi, nde mpikisano usanayambe aliyense amadziwa kale kuti chikho chikupita kuti.

Funso langa kwa inu amene munaphunzira ku sukulu za atsikana kapena mukuphunzitsako, chomwe chinkakupangitsani kukonda hausi yanu mpaka kulira nayo chinali chani? Ndi kupambana kokha? Ena mu sitafu akundiuza kuti ndingolemba maina osabwera ku pulakitisi n'kuwapatsa chibalo chotchetcha udzu, koma mtima wanga ukukana, ndi ana abwino awa ndipo zimandiwawa ndikamawaona akuchita manyazi kutchula hausi yawo.

Nangozo_waku_Ntcheu:

Madamu nkhani yanuyi yandikhudza. Inenso ndinali mu hausi yomwe pa zothamanga sitinkaoneka n'komwe, koma mpaka lero tili ndi gulupu yathu ya pa WhatsApp ya hausi yokhayo, wina akaferedwa timasonkha, wina akamakwatitsa mwana timavala chitenje chimodzi n'kupita. Nde yankho langa ndi lakuti ayi, si kupambana kokha.

Ndikufunseni kaye, atsikana anu a Girini amagona hositelo imodzi kapena anamwazikana? Kwathu hausi inali hositelo yomwe ukugonayo. Ngati anu amangokumana Lachitatu pa miting'i ndiye kuti ndi alendo okhaokha, ndipo munthu sungafere anthu omwe sukudziwa ngakhale kwawo.

Chomwe chinkatimanga ife inali inisipekishoni ya Loweruka mmawa. Lachisanu tikachoka ku pulepu aliyense ankadziwa mbali yake, ena kukolopa, ena kupaka Cobra pansi mpaka khonde kumawala, mabedi kuyala mofanana, maneti onse kuwamanga mbali imodzi, nsapato pa mzere pansi pa bedi, ndowa kuzivundikira, panja kusesa mpaka kujambula mizere ndi tsache, maluwa kuthirira, kubafa kukwecha. Asisteri ankabwera ndi ametironi n'kumadutsitsa chala pamwamba pa chitseko ndi pa mawindo kufuna fumbi, ife tili chilili pafupi ndi mabedi athu mtima uli phaphapha. Lolemba pa asembule akalengeza malikisi ndiye kunali kukuwa kwake. Apa mwana woti sangathamange ngakhale kuchoka ku dainingi kufika ku tchalitchi anali ndi ntchito yake ndipo ulemu ankaulandira, tinali ndi mtsikana wina wachete kwambiri koma pa nkhani ya maluwa hausi yonse inkamumvera iyeyo, a Fomu 4 omwe. Ndipo zinali za sabata ndi sabata, mukaluza Lolemba lino Loweruka likubwerali muli ndi mwayi wina, osati kudikira chaka chathunthu kuti mudzaluzenso kwa Redi.

China ndi nyimbo. Ng'oma tinalibe, tinkaimba zigubu ndi ndowa, nyimbo tinkatenga za ku chinkhoswe, za ku mpira, zina za kwaya n'kusintha mawu kuikamo dzina la hausi ndi maina a otithamangira. Mtsikana akamva dzina lake likuimbidwa ndi hausi yonse amathamanga ndithu ngakhale akudziwa kuti akhala wachinayi, ndipo akafika pa chingwe amapeza anzake akumudikira ndi chitenje ndi madzi. Tinkaluza inde koma pobwerera ku hositelo tinkaimba kuposa opambanawo, mpaka a mahausi ena ankabwera kudzaphunzira nyimbo zathu.

Ndiye wa Fomu 3 aliyense ankapatsidwa mwana wake wa Fomu 1 woti azimuyang'anira, kumuonetsa kayalidwe ka bedi, kumutengera chakudya akadwala, kumutonthoza sabata zoyamba zija akamalira kufuna kwawo. Wanga anandigawira chiponde ndi shuga zanga zitatha pakati pa telemu, ndipo iye atandiuza kuti ndilowe kwaya ya hausi sindikanakana. Chibalo chija musayerekeze madamu, adzabwera ku pulakitisi matupi okha.

SipotsiMasita_KU:

Amayi Nangozo anena zoona koma ndisiyane nawo pang'ono. Ine ndaphunzitsa masewera nthawi yaitali ndipo ndimaperekeza ana ku mipikisano ya MASSA, bungwe loona za masewera a m'sukulu, ana amafuna kupambana, ngakhale kamodzi kokha. Nyimbo zokha popanda kulawako chipambano zimatha mphamvu. Ndipo vuto lalikulu madamu silili mwa atsikana anu, lili mu kawerengedwe ka mapointi pa sukulu panupo, sisitimu yomwe imalola atsikana asanu aluso kutengera hausi chikho imauza ena onse kuti alibe ntchito, nde iwo akungochita zomwe auzidwazo.

Zoti mukapemphe ku sitafu miting'i ndi izi. Mtsikana mmodzi asalowe mipikisano yoposa iwiri kuphatikizapo rile imodzi, mpikisano uja wothamanga mopatsirana kamtengo, pamenepo Redi idzakakamizika kufuna anthu ena. Majuniya, Fomu 1 ndi 2, azipikisana paokha ndipo mapointi awo akhale ofanana ndi a masiniya. Aliyense womaliza mpikisano azipeza pointi imodzi ngakhale akhale womaliza, ine ndimapereka 5, 3, 2 kwa atatu oyamba kenako 1 kwa aliyense wofika, ndipo pa kolosi kantiri, mpikisano wothamanga mtunda wautali kunja kwa bwalo, hausi yobweretsa anthu ambiri imatha kuposa hausi yokhala ndi katswiri mmodzi. Netibo ikhale ndi timu A ndi timu B, mu bwalo mumalowa anthu 7 okha pa timu, mukakhala ndi timu imodzi ndiye kuti hausi yonse ikungoonerera anthu 7. Muonjezereponso kukokana chingwe, fulaye, jingo, zomwe ana athu anakula nazo, palibe amachita manyazi ndi fulaye.

Ndiye musankhe chinthu chimodzi choti chaka chino Girini itenge zivute zitani. Ine ndikanasankha rile ya 4x100 ya majuniya, chifukwa rile sapambana ndi liwiro lokha, amapambana ndi kapatsiranidwe ka kamtengo, ndipo izi zimaphunzitsika. Wolandira aziyamba kuthamanga mnzake asanafike, asacheuke, dzanja kumbuyo, woyamba agwire kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja, womaliza kumanzere, aziyeserera madzulo aliwonse mphindi zochepa chabe. Ndaonapo kambirimbiri timu ya othamanga apakatikati ikusiya akatswiri chifukwa akatswiriwo anaima poyembekezera kamtengo kapena anakagwetsa.

Chinanso yambitsani mpira wamiyendo wa mahausi ngati kulibe, pamenepo aliyense akuyambira pamodzi, Redi ilibe mwayi woposa inu. Atsikana masiku ano akuwadziwa Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi omwe akugoletsa kunja, akudziwa kuti ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia mu fainolo. Ndipo akamati Redi siigonjetseka muwakumbutse za ma Queens a netibo pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018, anachinya New Zealand 57 kwa 53 pomwe palibe ankawawerengera. Mwawi Kumwenda amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya netibo ya 2015 ku Sydney anayambira kumudzi ku Mzimba pa bwalo lafumbi ngati lanulo.

Kagawidwe ka ana a Fomu 1 nakonso mukaonepo, ngati amene amagawa ali ndi hausi yomwe amaikonda ndiye zonse ndanenazi sizithandiza. Kugawa kuzichitika pamaso pa oyang'anira mahausi onse anayi.

MayiWaAwiri:

Pepani ine ndilankhule ngati kholo, mwina ndikhumudwitsa ena. Zomwe mukuzitcha kukonda hausizi kwa mwana wanga wamkulu zinali misozi. Sukulu sinditchula. Inisipekishoni yomwe amayi Nangozo akuiyamikirayo kumeneko ankakolopa ndi a Fomu 1 okha, kuwadzutsa 4 koloko mbandakucha mu Juni kukuzizira, a Fomu 4 ali m'mabulangete, hausi ikapeza malikisi ochepa ana omwewo kuwagwaditsa usiku ati mwatichititsa manyazi. Mwana wanga ali ndi asima, anauzidwa kuti aliyense athamanga kolosi kantiri chifukwa cha pointi imodzi yomwe aSipotsi Masita mukunenayo, anakomoka panjira, ine ndinamva patapita masiku kuchokera kwa mnzake. Iye anaopa kundiuza poti anamuuza kuti zamuhausi sizituluka panja.

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Fizi talipira movutikira, gulosale tagula, kenako foni kuti mami tumizani ya tisheti ya hausi, ya maliboni, ya Sobo ndi mabisiketi a pate. Amene makolo awo sanatumize ankaimitsidwa kutsogolo pa miting'i kuwerengedwa maina. Ana ena ali pa basale, kwawo ngakhale ya sopo imavuta, mukuganiza kuti mwana ameneyo aikonda hausi?

Sindikuti mipikisano ithe ayi, wamng'ono wanga ali pa sukulu ina ndipo akatsekera amangokamba za hausi yake, anaphunzira kulankhula pagulu chifukwa cha dibeti ya mahausi. Koma madamu mukawapatsa mphamvu mapulifekiti n'kupita kunyumba kwanu kukagona, dziwani kuti zochitika mu hositelo magetsi akazima simuzidziwa. Muzilowamo mosayembekezereka, muzifunsa a Fomu 1 paokha popanda wamkulu pafupi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ife timakusiyirani ana athu miyezi itatu yathunthu.

Metironi_wopuma:

Amayi a awiri, zomwe mwanenazo ndinaziona ndi maso anga ndipo mankhwala ake ndi amodzi, rosita yantchito ilembedwe ndi mphunzitsi, ipachikidwe pakhomo, gulu lililonse likhale losakaniza Fomu 1 mpaka Fomu 4, kaputeni akhale woyamba kugwira mopu. Mwana wodwala asima, wa mtima, wa sikoselo, maina awo ametironi amakhala nawo, amenewo pointi yawo aziipeza pogawa madzi kapena polemba zotsatira.

Koma ndabwerera china chomwe abambo sangachidziwe msanga. Madamu mwati mutafunsa za mamita 400 a Fomu 3 anayang'ana pansi. Sikuti onsewo ndi ulesi. Mtsikana amene ankathamanga bwino ku pulayimale akafika zaka 15, 16 thupi lasintha, alibe bra yogwira bwino, kuthamanga kumamupweteka komanso amaona ngati aliyense akuyang'ana pachifuwa pake. Wina ali kumwezi ndipo mapadi anamuthera, akugwiritsa ntchito kansalu, angavomere bwanji kudumpha atavala kasiketi kafupi bwalo lonse likuonerera, poti tsiku la masewera anyamata a m'midzi yozungulira amadzaza kumpanda? Sangakuuzeni pa miting'i, adzangoti mutu ukundipweteka. Ambiri ankabwera kwa ine kudzapempha kakalata koti akudwala ndipo ndikakhala nawo pansi nkhani inali imeneyi.

Muwaitane ochepaochepa, inu nokha ngati mayi, mufunse bwinobwino. Mupemphe ahedi kuti aziloledwa kuthamanga ndi kabudula wofika m'mawondo kapena taiti mkati mwa siketi, pa tsikulo pakhale mapadi kwa ametironi oti mwana atenge osafunsidwa mafunso ambiri, zimbudzi zapafupi ndi bwalo zikhale ndi madzi. Mudzadabwa ndi anthu omwe adzatulukire.

Komanso ngati tsiku la masewera lili telemu yoyamba, Okutobala ndi Novembala dzuwa lake mukulidziwa, zothamanga mitunda italiitali zichitike mmamawa, ana adye kaye phala, ndowa za madzi akumwa zikhale pa hausi iliyonse. Kukomoka kwambiri komwe ndinkakuona kunali kwa njala ndi ludzu.

WakuLimbe:

Ine langa ndi dzina. Redi, Buluu, Girini, mwana anyadira chani pamenepo? Izi za mahausi zinabwera ndi sukulu zogonera za ku Britain komwe hausi inalidi nyumba yomwe ana ankagonamo ndi mphunzitsi wawo, kuno zinafika ndi amishoni ndi sukulu za azungu, ndipo Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 inatengera dongosolo lomwelo. Koma onani a Saint Andrew's ku Blantyre, mahausi awo ndi Soche, Ndirande, Michiru ndi Chiradzulu, mapiri omwe mwana akuwaona akatuluka panja. Pa sukulu ya atsikana bwanji osatchula amayi athu? Rose Chibambo amene ali pa K200, Vera Chirwa loya woyamba wamkazi m'Malawi muno, Mary Waya pa netibo. Mwana wa Fomu 1 aziuzidwa tsiku loyamba kuti mayi ameneyu anali ndani ndipo anachita chani. Dzina latsopano lithandizanso kufafaniza mawu aja oti "nza Girini".

Ndipo muikemo magule mu mpikisano, chimtali, chiwoda, chitelera, visekese. Sukulu zogonera zimalandira ana ochokera zigawo zonse, mtsikana wa ku Karonga kuphunzitsa wa ku Nsanje gule wakwawo chifukwa hausi ikufuna mapointi, ine ndi mmene ndinaphunzirira Chitumbuka changa chochepachi. Chokhacho musalole kuti hausi izidziwika kuti iyi nja akumpoto, iyi nja akummwera, zimayamba pang'onopang'ono ana akamapempha kusintha kutsata anzawo akwawo.

MadamuWaGirini:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza. Amayi Nangozo mwalasa, atsikana athu amagona motengera makalasi, Fomu 1 hositelo yawo, Fomu 4 yawo, hausi ili pa pepala chabe. Ndamva kuti anawalekanitsa dala zaka zapitazo chifukwa cha nkhanza ngati zomwe amayi a awiri afotokoza, nde sindikuganiza kuti ahedi angavomere kuwasakanizanso ndipo inenso pamenepo ndili ndi mantha. Chomwe ndingathe ndi kupempha kuti ku dainingi azikhala matebulo a mahausi komanso malo osesa ndi bedi la maluwa zigawidwe pa hausi kuti malikisi a Loweruka azilowa mu chikho. Za malire a mipikisano iwiri ndi timu B ndikazitula ku sitafu, ndikudziwa kuti woyang'anira Redi sakondwa nazo koma a Yelo ndi Buluu ndikhulupirira adzakhala mbali yanga. Ndalama sindisonkhetsa, tidula maliboni ku nsalu imodzi yobiriwira yomwe ndigule ndekha.

Ametironi, zomwe mwanena sindinaziganizire mokwanira pomwe inenso ndinadutsa momwemo, ndiyamba ndi a Fomu 3 sabata ino. Za dzina ndazikonda koma zimenezo mpaka bodi ya sukulu ndi asisteri, zitenga nthawi.

Chatsala ndi kaputeni. Ndimuchotse ndiike wolongolola? Anasankhidwa ndi aphunzitsi osati ana, koma sanalakwe kanthu ndipo ndikuopa kumuswa mtima.

Nangozo_waku_Ntcheu:

Musamuchotse madamu, mukatero hausi yonse iphunzira kuti munthu wofatsa alibe malo, pomwe ofatsawo ndi amene mukufuna kuwadzutsa. Iye asunge kaundula, rosita, adziwe amene akudwala ndi amene sanalandire kanthu kuchokera kwawo, ntchito imeneyo amaitha ndi anthu ngati iyeyo. Pambali pake ana asankhe okha wotsogolera nyimbo ndi wotsogolera masewera, mwa voti, ndipo musadabwe akasankha mtsikana yemwe mu sitafu mumamuti ndi wovuta, amene amasokosa kumbuyo kwa kalasi nthawi zambiri ndi yemwe anzake amamutsatira. Mumuitane mumuuze kuti mukumudalira.

A Fomu 4 musalimbane nawo kwambiri, MSCE ili pakhosi ndipo akunena zoona, apempheni chinthu chimodzi chokha, kuti madzulo amodzi pa sabata azithandiza ana a Girini a Fomu 1 ndi 2 masamu ndi sayansi, ndipo ngati kwizi ndi dibeti zilowe mu mapointi adzaona okha phindu lake. Mphamvu zanu ziikeni pa Fomu 2, sukulu aizolowera, manyazi sanawagwire kwambiri, ndipo akhala nanu zaka zina ziwiri kutsogoloku. Poti mahositelo ndi olekana, za mwana wa Fomu 1 kukhala ndi mkulu wake zikhoza kuchitikira pa tebulo la ku dainingi lomwelo, pamaso pa aliyense, inu muzingoyendera matebulowo nthawi ya chakudya chamadzulo kuona kuti ndiwo zikugawidwa mofanana.